Kusala Kudya Paphiri ndi Matabwa a Alamu

Lolemba

Ndafika paphiri, kumtunda kwa Champhira. Kanyumba ka alonda a moto m'nkhalango ya paini, kopanda munthu mpaka nyengo ya moto wolusa. Chitseko chilipo, zenera ndi bowo chabe. Mphepo ya Julaye ikulowa ngati kwawo.

Lamulungu likudzali ndilalikira koyamba. Akulu a mpingo akandimve, aone ngati ndingapatsidwe guwa. Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, amakhala benchi loyamba, ndipo chibwerereni ine kuchokera ku Dowa amati ndine mwana wabwino koma wopepuka mutu. Aona.

Zochita:
Kusala kudya mpaka Loweruka.
Kupemphera.
Kulemba ulaliki. Mutu: Kudziletsa.

Vuto ndi limodzi. Mlamu wanga Mapopa, wangobwera kumene ku Joni, wanditsatira. Wanyamula matabwa awiri aatali opindika kumphuno, ndodo ziwiri, ndi nsapato zolimba ngati ndowa. Akuti bwana wake anamupatsa, azungu amatsetserekera pamenepo m'mapiri a chipale, madzi oundana oyera aja amagwa kumaiko ozizira. "Alamu, kuno kukuzizira chomene, mbwenu chipale chigwa basi." Ambuye!

Lachiwiri

Kuzizira kumeneku sindinakuonepo! Mano akuimba okha. Ndagwada kuti ndipemphere, mawondo akana kudzukanso.

Mapopa akuotcha mbatata pafupi ndi mphuno yanga. Akuti iye sanalumbire kanthu.

Ndiulule. Ndadya imodzi. Yaing'ono, yopserera mbali. Ina ija ndinangoithandiza kuti isagwere m'phulusa.

Ulaliki: ndalemba mutu, ndautseka mzere kunsi.

Lachitatu

M'mawa udzu wonse mbuu! Chisanu. Mapopa akukuwa, "Chafika! Chafika!" Pomwe akumaliza kumanga nsapato dzuwa latuluka, chipale chake chasanduka mame.

Sakugonja. Waona kuti masamba ouma a paini amaterera. Waima pamatabwa, wadzikankha ndi ndodo, wapita! Munthu wamkulu, wa ana awiri, akutsika phiri osaponda pansi! Kenako chitsa.

Bondo latupa ngati dzungu. Ndamubereka mpaka m'kanyumba. Ndamuuza kuti ichi ndi chilango. Wayankha, "Koma mwaona sipidi, alamu?"

Ndinaiona.

Lachinayi

Zala zakumapazi sindikuzimva. Ndavala nsapato za Mapopa chifukwa cha kuzizira, osati china. M'kati muli ubweya.

Popeza ndavala, ndangoponda pamatabwa kuti ndione chimene chinamugwetsa. Zangoti kha! Zagwira zokha.

Kuchokera pakhomo kukafika pamtengo woyamba. Basi. Kenako mtengo wachiwiri.

Atate, n'zokoma. Ndilembe zoona, n'zokoma! Misozi ikupita kumakutu. Ine amene njinga ndimatsika pamtsetse wa ku Embangweni n'kumaikankha!

Lachisanu

Zimene zatha:
Mbatata.
Kandulo yowerengera Mawu usiku. Mapopa akuti ukaipaka kunsi kwa matabwa amathamanga kwambiri. Sananame.
Masamba a ulaliki, poyatsira moto. Munalibe zambiri.

Tsiku lonse kukwera ndi matabwa paphewa, kutsika, kukweranso. Mapopa wakhala pakhomo, mwendo pamwala, akulamula. "Pindani mawondo! Matako pansi, abusa!" Ndamufunsa kuti munthu amaima bwanji. Akuti zimenezo bwana wake sanamuuze. Ine ndimangodzigwetsa chammbali.

Sindinapemphere. Ayi, ndapemphera kamodzi, nditaona mwala.

Loweruka



Ndati komaliza, kuyambira pamwamba penipeni, kenako ndilape. Kandulo ya Mapopa nayonso ndapaka yonse. Ndadutsa kanyumba ngati mphepo, ndalowa m'kanjira ka anthu otola nkhuni.

Pokhota, apongozi! Akukwera, chigubu cha thobwa pamutu, kumbuyo amayi atatu a kutchalitchi akuimba. Abwera kudzamasula mkamwini wawo wosala kudya.

Chikwatirire sindinawagwirepo dzanja. Tikakumana panjira ndimapatukira m'tchire, kunjuta, kuwapatsa moni nkhope ili kumbali. Ndiwo mwambo wa kuno. Lero mapazi omangidwa, kupatuka sindidziwa, kudzigwetsa ndaiwala. Dzina lawo sindingatchule. Ndikungokuwa, "Odi! Odi! Odiii!"

Sanapatuke. Apatukirenji? Wopatuka ndimakhala ine.

Ndawakumbatira. Manja onse awiri! Mapazi awo akwera pamatabwa anga, tapita tonse, nkhope ndi nkhope, iwo chambuyo, mpaka m'chitsamba. Thobwa m'makutu.

Mayi mmodzi akuti, "Mwe! Ndiko kusala kwa ku Dowa uku?"

Apongozi adzuka, akonza duku, ayang'ana mtengo osati ine. "Mtengo iwe, umuuze mkamwini kuti wanenepa."

Lamulungu

Walalikira mkulu wina. Akulu akuti za ine tidikire kaye, tione mmene Mzimu utsogolere. Ndakhala benchi lakumbuyo ndi Mapopa ndi ndodo yake. Palibe watembenuka, koma mapewa a mpingo wonse amagwedezeka.

Tambala wanga wofiira wapita kwa apongozi, wopepesera. Mkazi wanga wamunyamula osandiyankhula. Matabwa awakhomera kale pakhomo la khola la mbuzi.

Potuluka m'tchalitchi ndawaona apongozi akubwera patali, njira yomweyo. Ndayamba kufuna popatukira monga mwa masiku onse. Ndachedwa. Iwo atangondiona akwinya chitenje, adumpha ngalande, akaima kuseri kwa mtengo wa mango, n'kuugwira ndi manja awiri mpaka nditadutsa.

Ndinali wapansi, Ambuye. Ndimayenda pang'onopang'ono.