Tsiku Limene Ndinaphulitsa Chulu

Mukamva ana a ku Nsaru akunditcha aKalidera, musaganize kuti ndi mfunda wathu. Dzinali ndinalipeza ndili wopanda buluku.

Mdzukulu wanga anaiwala buku la jogalafe kwathu. Ine wa Sitandade 4 ndinaligwira sabata yathunthu (makamaka zithunzi), mpaka ndinamvetsa: phiri lina limakhala ndi chiphalaphala cha moto m'mimba. Chikatulukira pamwamba chimasiya kakamwa. Koma mimba ikakhuthuka yonse, nsonga imatitimira, pamatsala chidzenje chotchedwa kalidera.

Ndinati mwayi wanga ndi uwu. Zaka zonsezi aKamwendo, mphunzitsi wopuma, akhala akundiseka pamaso pa akulu a mpingo kuti sukulu ndinangoinunkhiza. Lamulungu titaweruka ndinawaitana onse kudimba kwanga kuti akaone kalidera wa m'buku lija.

Kumeneko kuli chulu chimene mayi a kunyumba akhala akuchikumba kunsi kutapa dothi lozirira. Ndinalonga mapesi m'phangamo, n'kuyatsa. Posakhalitsa utsi uli tolotolo m'mabowo a pamwamba. Akulu a mpingo anawomba m'manja. Ine mphuno biii, ndinakwera pansonga.

"Bambo, tsikani," anatero mayi. "Pansipo ndinakumba mpaka mkati."

"Mayi, sayansi siifuna mantha."

AKamwendo anakonza magalasi. "Kakamwako taona, achimwene. Nanga kalidera amabwera bwanji? Kapena tsamba limenelo linalibe chithunzi?"

"Mimba ikakhala yopanda kanthu," ndinatero, "nsonga imangochita chonchi." Ndinaponda mwamphamvu ndi nsapato ya kutchalitchi.

Chulu chinandimvera. Ndinamira mpaka m'chiuno, phulusa lofunda kumapazi, utsi m'maso. Kenako eni nyumba anafika: agang'a, chiswe cha mitu ikuluikulu chija, atakwiya ndi moto wanga. Analowera m'miyendo ya buluku n'kumakwera (kumene anafika sindilemba, ndine mkhristu). Akulu a mpingo atandizula ngati chinangwa, ndinavula bulukulo pomwepo, mayi akunditchinga ndi chitenje uku akugwa ndi phwete.

AKamwendo anazungulira dzenjelo, nalipima ndi ndodo yawo.

"Zaka zonse ndinaphunzitsa phunziro limeneli," anatero, "koma sindinafikepo polowamo ndekha. Mwakhoza, aKalidera."

Mwamva? Anati ndakhoza. Masiku atatu ndinadya choimirira, koma anati ndakhoza.

Mayi abisa bukulo. Sakudziwa kuti ndinaona kale tsamba la chivomerezi, ndipo chigafa chathu cha fodya n'chogwedera kale.