Chamwamba Changa Chili Pabwalo pa Zuze

Aliyense amene akunena kuti ine ndimachita kaduka ndi mitengo ya mlamu wanga Zuze, aimirire ndimuone nkhope. Kaduka ka chiyani? Munthu angachite kaduka ndi chinthu chake chomwe? Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma pa nkhani ya mitengo palibe wondiposa kuyambira kuno kwa Maseya mpaka ku Chiromo, ndipo ngati ndikunama, ng'ona indigwire m'ndowa yosambira.

Chaka chomwe madzi a Shire anatithamangitsa kumadimba kuja, tinasamukira kumtunda, ndipo ine ndi Zuze, mlongo wa mkazi wanga, tinapatsidwa malo oyandikana. Malo onsewo mbee, opanda ndi chitsamba chomwe. Dzuwa la Okutobala likamenya pamenepo, abuluzi ankayenda mosinthanitsa miyendo, ndipo chithunzithunzi changa chomwe chinkandithawa n'kukabisala kunsi kwa mapazi. Zuze, poti anadulako nzimbe ku esiteti ndiye amadziona ngati mlangizi, anabwera ndi timachubu ta mbande za mitengo panjinga: nimu, lukina, keshya, ndi ndodo za chamwamba zongozika pansi.

"Alamu, tengankoni khumi," akutero.

Ine ndinati, "Takhuta, shamwali. Mitengo ya m'timajumbo ndi ya ana a sukulu."

Mvula itangodutsa kawiri, pabwalo pake panada bii ndi mthunzi. Lukina anachita mpanda, mbuzi zake n'kumanenepa ndi masamba ake, nimu anafunditsa denga lonse. Bawo lomwe tinkasewera pakhonde panga linasamukira kwa Zuze. Alendo anga ankandipatsa moni ali panjira, maso ali kwa Zuze. Mkazi wanga, amake Fatsani, ankanyamula mphasa ndi lichero kukapetera mapira kwa mlongo wakeyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ngakhale galu wanga! Mukumva? Galu wodya kwanga, kukagona kwa Zuze! Sikuti zinkandiwawa ayi, kungoti ndikamva kuseka kwawo kuseri kwa mpanda, ndinkalowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko.

Ndiye ndinati ndiwaonetse kubzala kwa akuluakulu. Ndinapalasa njinga mpaka ku Chiromo kukatenga manyowa amene Zuze sangawalote n'komwe, ndowe za mvuu yomwe inkaba nzimbe zothiridwa feteleza, ndipo sindinachite kutola zozizira pansi ayi, ndinatchera thumba kumbuyo kwake mwini wake ali pomwepo, itacheuka n'kundithamangitsa, ine kupalasa, iyo pambuyo, ine kupalasa, mpaka matayala anasungunuka ndi kutentha kwa msewu, ndinafika kunyumba ndi malimu okhaokha, mvuu ija itatsala panjira ikupempha madzi kwa amayi ogulitsa masawu.

Masana ake, onse atagona mfuu pansi pa nimu wa Zuze, ndinadula nthambi imodzi ya chamwamba chake. Sikuba kumeneko, inali itawerama yokha kulowa m'malire mwanga. Ndinakumba dzenje, kuthiramo ndowe zija, koma ndikuti ndizike ndodo, Zuze anatsokomola kutulo. Ndi phuma limenelo ndinaizika chadodolido, nsonga pansi, tsinde m'mwamba. Tsono mwana aliyense kuno amadziwa kuti ndodo ya chamwamba imakula kulowera kumene kwaloza nsonga.

Abale anga, ndisanatsitse n'komwe ndowa yothirira, pansi panayamba kugunda ngati thirakitala yokoka ngolo za nzimbe, ndodo ija ikulowa pansi ndikuona, ine gwi kumapeto kwake, iyo n'kundikoka mpaka m'mapewa, mpaka m'chiuno, mpaka zidendene, ndipo ndinayenda nayo kunsi kwa nthaka masiku atatu ndikudya masamba ake aawisi, tinadutsa pansi pa mjigo wa m'mudzi mwathu moti mwezi wathunthu amayi ankatunga msuzi wa ndiwo, kumangothiramo mchere ndi tomato, tinadutsa pansi pa minda ya thonje mbewa zikubudula masambawo n'kumatuluka kunja zazikulu ngati ana a mbuzi, tinadutsa pansi pa mlatho wa sitima, mpaka nsonga inakatulukira pansi pa Shire n'kugirigisha ng'ona pamimba. Ng'ona kukwiya, kuiluma nsonga ija. Mukumva? Mtengo kuchita mantha, n'kutembenuka kubwerera kwathu!

Pobwerera ndinkauwongolera ndine, ndi mpini wa khasu, ngati mmene amachitira ndi nkhafi pabwato. Koma pansi pa nthaka palibe chikwangwani. Ndinatchera khutu, ndinamva mawu a amake Fatsani akuseka pamwamba panga. Ndinati, basi, pamene pali mkazi wanga ndiye pakhomo panga, ndinakhotetsa mpini. Phulu! Pakati penipeni pa bwalo la Zuze. Ndinaiwala kuti mayiyo kwawo kunali kutasanduka kumeneko.

Mtengo utaona dzuwa unachita misala. Unandinyamula mpaka ndinaona phiri la Mulanje lili pansi ngati chulu, ndi amayi a ku Mozambiki akusinja, ndipo kutsika kokha kunanditengera masana onse. Pofika pansi ndinapeza anthu adzuka, azungulira tsinde, akugwira Zuze chanza. Zuze! Munthu amene anali m'tulo!

"Alamu," akutero osachita manyazi, "chimenechi ndinazika ndekha chaka chomwe tinasamukira kuno. Mwaiwala kodi?"

Ndinati amake Fatsani andichitire umboni kuti ndasowa masiku atatu. Iwo, poti ankaswera komweko, sanadziwe n'komwe kuti ndinachokapo. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a Fatsani, matope ali m'mutuwo ndi a m'dzenje lanu lomwe. Dzuwa linakugwetserani momwemo, tinachita kukuvuulani ndi miyendo." Magazi amodzi, mukuona? Mlongo sangatsutse mlongo wake.

Koma inu muli ndi maso. Chamwamba wamba mthunzi wake umakhala ngati neti ya udzudzu yobooka. Tayang'anani ichi! Masamba othithikana chonchi mungawapeze popanda ndowe za mvuu? Ndipo amene akukayikabe apite pabwalo panga, akaona kandodo kouma katatuluka pansi. Anthu osadziwa amati ndi nthambi yomwe inakana kuphuka. Ayi, ndi mchira wa mtengo uno. Amake Fatsani amayanikapo nsanza zopukutira mbale, osadziwa ulemu wake.

Zuze anandibweretseranso timachubu tisanu mvula yapitayi. Tili kuseri kwa nkhokwe, tinauma tokha. Ndibzalirenji, mtengo ndili nawo kale?

Ndiye mukandiona ndakhala pabwalo pa Zuze tsiku ndi tsiku, nditatsamira tsinde ili kuyambira m'mawa, musamati mkuluyu wabwera kudzapempha mthunzi. Ine ndimabwera kudzayendera katundu wanga. Tasunthani pang'ono, alamu, mwakhala pamthunzi panga. Kwanga kuja sikukhalika, kukutentha ngati ng'anjo.