Mbuzi Yanga ndi Mlendo Wosadya Nyama

Lolemba

Kukuzizira! Mphepo ya kuno ku Tsangano ikulowera pa zenera lopanda galasi lija, zala zikukana kugwira choko. M'kalasi mwanga mwatsala ana asanu ndi mmodzi basi. Mwezi watha ena ankachita kukhala pansi.

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndayamba mutu wa Chihindu mu phunziro langa la zipembedzo, Fomu 3. Ndangotchula kuti Ahindu amalemekeza ng'ombe, nkhani yafika kumudzi itathiridwa kale nsinjiro: akuti aphunzitsi akugwaditsa ana pamaso pa ng'ombe. A Ngozo, wapampando wa komiti ya sukulu, achotsa mdzukulu wawo Tamara n'kumupititsa ku phunziro la Baibulo. Kumene wapita Tamara, enanso konko.

Ahedi lero: "Lolemba likubweralo akapanda kufika khumi, phunziro lanulo tilitseka. Muzikathandiza ku zaulimi." Zandipweteka kwambiri. Phunziroli ndimalikonda, ndipo ndalimenyera nkhondo zaka zambiri.

Koma nzeru ndili nayo. Lachisanu ndibweretsa Mhindu weniweni, ana ndi makolo adzimvere okha. Zofunika:
Mhindu mmodzi,
mapu (ndajambula kale pa pepala la thumba la simenti: India, mivi yopita ku Mombasa, ku Beira, mpaka ku Limbe),
choko chofiira.
Zikomo Ambuye pondipatsa mutu wogwira.

Lachiwiri

Pa lole ya mbatata mpaka pa boma. Ndalowa m'sitolo ya Mmwenye uja wogulitsa malata, tayi ili pakhosi, ndafotokoza zonse mwadongosolo. Andimvetsera mpaka kumapeto, kenako kuseka mpaka misozi. "Aphunzitsi, ine ndine Msilamu. Agogo anganso anali Asilamu."

Manyazi! Mphunzitsi wa zipembedzo wathunthu, kuganiza kuti Mmwenye aliyense ndi Mhindu. Ndimafuna pansi patang'ambika.

Koma ndi munthu wabwino. Andipatsa tiyi wamkaka, andilozera kwa a Mohan, injiniya wa ku kampu ya okonza msewu. Kufunsa ndi kudziwa njira. Pobwerera ndakhala pamwamba pa matumba a feteleza, tayi m'thumba.

Lachitatu

A Mohan avomera! Ndawapeza fumbi thupi lonse, akukalipira chimakina chomwe chakana kulira. Abwera Lachisanu, ola limodzi lokha. Akuti adzatenganso kanyale kadothi kamene amayatsa pa chikondwerero cha kwawo. Mtima wanga mbee.

Pamene ndalakwitsa ndi pouza ahedi. Ahedi auza komiti. Madzulo a Ngozo ali pakhomo panga, chibonga m'manja. Ndimayesa abwera kudzakalipa. Ayi ndithu.

"Mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, inu mukufuna kumulandira ndi choko? Kuno ndi kwa Angoni, aphunzitsi. Tigwetsa ng'ombe."

Ng'ombe! Kwa Mhindu!

Akuti kudzakhalanso ovina ngoma, ndi zishango zawo. Zishangozo n'zachikopa cha chiyani? Sindikufuna n'kuganiza komwe.

Lachinayi

Msonkhano wa komiti pansi pa bulugamu. Ndalankhula mpaka kukhosi gwa. Ndafotokoza kuti kupha ng'ombe chifukwa cha Mhindu kuli ngati kutukwana mlendo pakhomo. Amva. Ng'ombe yapulumuka, ndathokoza m'mtima.

A Ngozo: "Nanga mbuzi amaigwadiranso?" Ndati sagwadira chiweto chilichonse, koma nyama ya mtundu uliwonse a Mohan sadya. "Sanalawe ya kuno." Onse kuwomba m'manja.

Mbuzi ya yani tsono? Kenako maso onse pa ine. Akuti woitana mlendo ndiye mwini mlendo. Choncho akupita ndi Kapito, mfule wanga wonenepa, amene mkazi wanga Naphiri akhala akumusungira Khirisimasi. Nditawauza mayi a kunyumbawo angoti, "Chabwino, aphunzitsi." Akanditchula aphunzitsi m'nyumba mwanga momwe ndiye kuti zinthu zavuta.

M'kalasi ndaphunzitsa za kubadwanso: kuti Ahindu amakhulupirira kuti zimene uchita pa moyo uno ndizo zimakonza moyo umene udzabadwiremo. Wina kumbuyo: "Ndiye Kapito adzabweranso ngati yani?" Kani nkhani yafika kale. Ndati tipitirize.

Madzulo ndayeseza mokweza mawu anga olandirira mlendo, ndi zoti sadya chilichonse chokhudzana ndi nyama. Naphiri akusenda mbatata, sakundiyang'ana n'komwe.

Lachisanu

Kapito wapita m'mamawa. Sindinapite kukaona.

Anthu! Sukulu yonse, makolo, ogulitsa kabichi a pamsika, ngakhale aja amati ndikugwaditsa ana. M'kalasi simungakwane, ndiye zonse zachitikira pabwalo. Mapu anga ndamata pa mtengo, mphepo yawatenga asanaonedwe ndi munthu. India yense wakakodwa mu mpanda wa ahedi.

A Mohan afika pa nthawi yake. Ovina ngoma awazungulira, zishango zachikopa cha ng'ombe zili pamphuno pawo penipeni, fumbi koboo. Ine thukuta kamukamu, kuzizira konseku. Iwo akungomwetulira, manja ataphatikiza pachifuwa.

Olankhula:
ahedi (mbiri ya sukulu kuyambira pa njerwa yoyamba),
a Ngozo (mbiri ya Angoni kuyambira kuwoloka Zambezi),
abusa (pemphero, ndi ulaliki pang'ono),
mayi wina amene sindikudziwa kuti anaitanidwa ndi yani.
Ola la a Mohan latha iwo asanatsegule pakamwa. Kanyale kaja mphepo yakazimitsa kangapo konse, mpaka akabweza m'thumba.

Kenako chakudya. A Ngozo anyamula okha mbale ya chiwindi, ulemu waukulu, n'kuika patsogolo pa mlendo. A Mohan athokoza, koma osakhudza. Nkhope ya a Ngozo yasintha. Ndinaona phunziro langa likufa pomwepo, ine ndikupita kukayeza mizere ya chimanga.

Ndiye Naphiri atulukira ndi kabakuli kovindikira. Mbatata yophika ndi nyemba, ndi kabichi pambali. Agwada n'kunena kuti, "Mphika wake ndi wina, chipandenso ndi china, sizinakhudzane ndi nyama." Kani dzulo amamva zonse ndimayeseza zija! A Mohan adya mpaka kupempha zina. Mkazi uyu sindikudziwa kuti ndinamupeza bwanji.

A Ngozo sanapirire. "Afunseni, ng'ombe inawalakwira chiyani kuti asamaidye?" Ndatanthauzira m'Chingerezi. A Mohan apukuta m'manja n'kuyankha mwachidule: "Kwathu timati amene wakumwetsa mkaka ndi mayi ako. Mayi sitimupha."

Ndabwezera m'Chichewa. A Ngozo ayang'ana chibonga chawo. Kenako, osayang'ana munthu: "Ine ndili nayo ina m'khola, Nangondo. Yakalamba, mano anatha. Mwana wanga, mayi wa Tamara uyu, atamwalira, Tamara anakulira mkaka wa ng'ombe imeneyi. Ogula abwera kambirimbiri. Imeneyo mpeni sudzaikhudza ndili moyo."

Tamara ali chapafupi ndi beseni la madzi osamba m'manja, wangowerama.

Basi foni ya a Mohan yalira, chimakina chija chafanso. Athamangira ku galimoto. Phunziro lonse la Chihindu, zikhulupiriro ndi kufala kwake, lathera pa mawu awiri aja.

Loweruka

Kutsuka miphika ya eni, kubweza mabenchi ku tchalitchi. Pa Kapito ndalandirapo chikopa ndi mwendo umodzi. Wakutsogolo.

Mapu ndawapeza. Mbuzi za ahedi zadya Mombasa ndi Beira. Limbe watsala.

Masana a Ngozo pakhomo, botolo la mkaka m'manja. "Mukawapatse alendo anu aja. Si wa Nangondo, iyo inauma kale, koma ndi wa mwana wake." Ndapalasa njinga mpaka ku kampu. A Mohan alandira ndi manja awiri, ndipo andipatsa kanyale kadothi kaja kuti ndikaonetse ana m'kalasi, mopanda mphepo.

Pochoka pakhomo panga paja a Ngozo anatembenuka pa mpanda: "Tamara abwera kwanu Lolemba. Koma akadzayamba kukana nyama, mlandu ndi wanu." Ndinangowomba m'manja.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi ana andizungulira. Akuti mawa abwerera onse, ndi ena amene sanakhalepo m'kalasi mwanga chiyambire. Khumi apitirira ndithu. Ndinayamba kudzimva kuti ndine mphunzitsi, mpaka wina wafunsa: "Aphunzitsi, chipembedzo chotsatira tidzapha chiyani?"

Ndiye ndi zimenezo. Sanabwerere chifukwa cha mapu anga kapena choko chofiira. Wawabweza ndi Kapito. Tamara yekha ndiye wandipempha kope loti akopere zimene anaphonya, n'kufunsa ngati ku India ng'ombe zokalamba amazisunga mpaka kufa zokha. Ndamuuza kuti tikambirana mawa, aliyense akumva.

Ahedi andigwira dzanja: "Mwambo ngati uja tizichita temu iliyonse." Naphiri anali pambali panga, anamva.

Ndikuthokozabe. Phunziro langa lili moyo. Kanyale kali pa tebulo, chingwe cha Kapito chili lende pa khola, ndipo Khirisimasi ya chaka chino tidya mbatata ndi nyemba ngati a Mohan. Naphiri ayambanso kunditchula bambo a kunyumba.

Mutu wotsatira ndi Chibuda. Nkhuku zonse Naphiri azitumiza kale kwa amayi awo.