Patapata yomwe ndinati ndi yabodza

Mpaka lero ndikawaona Madamu Gondwe akubwera panjira ya ku Hara, ndimatsika njinga n'kuyamba kugwiragwira tcheni ngati chavuta. Sichinavutepo. Ndi manyazi chabe, ndipo ndikuuzani komwe anachokera.

Ine kwathu ndi ku Dedza, koma ntchito ya uphunzitsi inandiponya kuno ku Karonga. Nditatha chaka, aphunzitsi a masukulu anayi a m'dera lathu tinayambitsa kagulu kolemba nkhani. Tinkati sitingamakakamize ana kulemba chimangirizo pomwe eni akefe timangolemba mapulani a phunziro basi. Tinkakumana Loweruka lililonse m'kalasi ya sitandade 8, akuluakulu asanu ndi awiri titapanikizika m'madesiki a ana.

Kachitidwe kake kanali aka. Aliyense ankalemba nkhani kunyumba osaikapo dzina, n'kudzaiponya m'katoni ya choko. Kenako aliyense ankatola pepala, kuliwerenga mokweza, n'kuyamba kupereka ndemanga. Mwini nkhani sankaloledwa kutsegula pakamwa mpaka onse atamaliza. (Lamulo lomalizali ndinabweretsa ndine, ndipo ndinalimenyera nkhondo zedi.)

Ndivomere, ndinkadzimva. Poti Chichewa ndinayamwira, pomwe anzangawo kunyumba amayankhula Chitumbuka kapena Chinkhonde, ndinadziika ndekha kukhala katswiri wa gulu. Palibe anandisankha. Ndinangokhala ndi cholembera chofiira komanso pakamwa.

Loweruka limenelo ndinatola mapepala awiri othothola m'kope, olembedwa mbali zonse. Inali nkhani ya mayi wina amene ankawokera mpunga kusikimu ya ulimi wothirira, mwana wake wamkazi wa zaka zinayi, Tawonga, akusewera m'mbali mwa munda. Mwanayo anagwera m'ngalande yaikulu ya madzi. Azibambo atamuvuula atafa kale, mayiyo sanalire. Anaona kuti mwana wavala patapata imodzi, ndiye anayamba kutsata ngalande kufunafuna inzake, mpaka azimayi anachita kukamugwira.

Nditamaliza kuwerenga, m'kalasi munali zii. Ine ndinati akudikira mawu a katswiri.

"Anzanga," ndinayamba, "nkhani iyi walemba ndi munthu amene sanaonepo maliro."

A Mhango, bambo wachikulire amene ankatsogolera gululo, anatsokomola. Ndinapitiriza. Ndinati mayi weniweni amadzigwetsa pansi, amagubuduzika m'matope, kulira kwake kumamveka mpaka kumsewu. Ndani angasiye mtembo wa mwana wake n'kumakasaka patapata ya pamsika? Ndinadula ndime yonseyo ndi mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, m'mbali n'kulemba kuti "Zosatheka".

"Lekani, asambizgi," a Mhango ananong'ona, kunditchula mphunzitsi m'Chitumbuka, akundiponda phazi pansi pa desiki. Ndinangosuntha phazilo. (Ndinaganiza kuti nkhaniyo ndi yawo, ndiye chilungamo chikuwawawa.)

Aphunzitsi awiri kumbuyo anayamba kuyankhulana chapansipansi m'Chitumbuka. Chaka chonse chija Chitumbuka changa chinali chikadali pa moni ndi kugula usipa, choncho sindinatolepo kanthu. Munthu wanzeru akanakhala phee pamenepo. Ine ndinaimirira n'kuyamba kuyerekeza mayi uja, nditawerama, ndikusuzumira pansi pa madesiki. "Patapata ili kuti? Mwaionako patapata?" Ndinkayembekezera phwete. Ndinaseka ndekha.

Sindinalekere pomwepo, ayi. Ndinalangiza kuti mwanayo asafe, amupulumutse mlimi wodutsa, poti owerenga safuna kuwawitsidwa mtima popanda phunziro. Dzina la mwanayo, Tawonga, ndinalizunguliza kawiri, n'kunena kuti dzina lothokoza siligwirizana ndi nkhani yachisoni. Pomaliza, pofuna mboni, ndinatembenukira kwa Madamu Gondwe, mayi wofatsa wa pasukulu yoyandikana ndi yathu, amene pagulupo nthawi zambiri ankangomvetsera.

"Madamu, inu ndinu mayi. Tatiuzani, zingachitike zimenezi?"

Iwo anayang'ana a Mhango. "Kodi onse amaliza? Mwini nkhani angayankhule tsopano?"

A Mhango anavomera ndi mutu, maso ali pansi.

"Inali yobiriwira," anatero Madamu Gondwe. "Ndinaipeza tsiku lachitatu, titaika kale. Sindinkafuna kuti apite phazi limodzi lili lopanda kanthu."

Anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa mapepala awo, ofiira ngati mayeso a mwana wolephera. Anawapinda bwinobwino, anatsanzika aliyense, ine ndemwe, n'kutuluka. Ine ndinakhala pa desiki ngati thumba la chimanga.

A Mhango sanandikalipire, ndipo kukanakhala bwino akanatero. Anangondiuza kuti ngoziyo inachitika ine ndisanabwere, kuti dera lonse likuidziwa, komanso kuti chichitikireni mayiwo anali asanaitchulepo kwa munthu. A Mhangowo ndi amene anakhala akuwanyengerera miyezi yambiri kuti ayese kuilemba, mwina mtima ungapepukeko. "Lero ndiye linali tsiku loyamba," anatero, akutolera mapepala otsala m'katoni.

Lolemba titaweruka ndinagula tambala, monga anandilangizira a Mhango, n'kumumangirira pakaliyala. Mawu opepesa ndinali nditawalemba katatu papepala ndi kuwaloweza. Tambala analira njira yonse, anthu m'minda n'kumadzuka kuona mphunzitsi wa ku Dedza akupita kukapepesa. (Nkhani inali itafika kale paliponse, ngakhale kwa ogulitsa makala.) Nditafika, Madamu Gondwe anandipatsa mpando pakhonde. Mawu oloweza aja anathawa onse. Ndinangoti, "Madamu, ndinalakwa."

"Nkhukuyo mubwerere nayo, aphunzitsi," anatero. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mapepala aja, kope latsopano ndi cholembera chakuda. "Ndilibe ena. Ndikafuna kuwerenga za mwana wanga ndikumayamba ndawerenga inu. Mundikopere bwinobwino. Musasinthe kanthu."

Ndinakhala pakhondepo n'kukopera, liwu ndi liwu, tambala akundiyang'ana ali chigonere pansi. M'malo ena ndinkachita kupendeketsa pepala kuti ndione zomwe zinali pansi pa inki yanga. Apa m'pamene ndinaiwerenga nkhaniyo koyamba. Loweruka lija ndinkangosaka pothira chofiira. Pofika pa ndime ya patapata ndinalira, ine wodziwa kaliridwe ka ena.

Anawerenga zonse mosafulumira, n'kundithokoza. Ndikumasula njinga ndinalimba mtima.

"Ndiye Loweruka tikuonani, Madamu?"

"Ine ndinali ndi nkhani imodzi yokha, aphunzitsi," anatero. "Mwaiwerenga kale."

Sanabwerenso. Ndemanga ndimaperekabe, poti pakamwa pangapa sipamva, koma ndisanayambe ndimayang'ana kaye nkhope za anzanga kuti ndione amene wakhala chete kuposa onse.