Mango Anga ndi Chatine cha Mkamwini

Lolemba
Mango anga a boloma atsala pang'ono kupsa. Mano ndilibe, chaka chonse ndimadikira amenewa. Koma mkamwini, mwamuna wa mwana wanga Esinati, wabwera ku Joni ndi nzeru zachilendo. Akuthyola aawisi, ati aphike chatine. Mango, shuga, anyezi, tsabola, viniga, zonse mumphika umodzi! Ine kuyankhula naye maso ndi maso sindingathe, ndi mpongozi. Ndituma bambo akunyumba akamuuze kuti mtengo wanga ausiye.

Lachiwiri
Ndawatuma. Apita atakwinya nkhope, abwerako akunyambita zala. "Ati ku India amadya, ku Mangalande amadya, ku Joni ndiye osanena." Nanga anthu onsewo kwawoko kulibe mitengo? Mpaka wa ine wa ku Ntchisi kuno?

Lachitatu
Ndakhala patsinde ndi ndodo kuyambira m'mawa. Uyo akubwera ndi dengu. Mwambo ndi mwambo, ndadzuka, ndakabisala kuseri kwa nkhokwe. Iye wanjuta chapatali, kuwomba m'manja bwinobwino, "Zikomo amayi!" Basi wakwera. Ulemu wake ngati munthu!

Lachinayi
Ndatuma Esinati. Ati, "Amayi, musachititse manyazi, anthu akunja amalemekeza zimenezi." Mudzi wonse fungo la viniga, maso kuyabwa. Mphika wanga wa nyemba nawonso atenga.

Lachisanu
Mabotolo a chatine akwera minibasi kupita kumsika wa ku Malomo. Anzanga a Mvano abwera, ndimati adzandipepesa, kani akufuna kulawa. Kunthambi yam'munsi kwatsala bango limodzi, lalikulu, layamba kufiira. Ndalikulunga ndi kansalu kuti aliyense adziwe kuti lili ndi mwini.

Loweruka
Kansalu kali pansi, bango palibe! Bambo akunyumba anakamuuza mkamwini kuti, "Apongozi anu akusungirani lapadera, mpaka alimanga nsalu." Munthu ameneyu ndakalamba naye, ndipo wandigulitsa ndi supuni imodzi. Lero adya okha.

Lamulungu
Mtengo masamba okhaokha. Pobwera kutchalitchi ndapeza botolo pakhomo. Esinati ati, "Akuti n'chofewa, sichifuna mano." Ndapisa chala kamodzi, kuti ndidziwe chimene ndikudana nacho. Kenaka kawiri, ndi mbatata. Hmm. Mkwiyo ulipobe, koma ndiuze yani? Botolo ndabisa mumtsuko. Bambo akunyumba akalifuna, atume munthu.