Masamu Amene Anaotcha Anapiye a Mkazi Wanga

Nkhaniyi anthu a ku Chinyunyu amaikamba akuseka, koma m'nyumba mwathu mpaka lero sinasanduke nthabwala. Ndiyambe ndavomera kuti wolakwa ndine.

Inali nthawi ija Rufunsa atangokhala boma palokha, aliyense akuti mitengo ya magetsi ifika posachedwa. Ine, poti ndinaphunzirako zamagetsi ku Lusaka (miyezi inayi yokha, koma izi sindinkauza anthu), ndinayamba kuyenda ngati katswiri wa dera lonse.

Mwezi wa Juni, mkazi wanga, amake Taonga, anabweretsa anapiye makumi asanu. Chaka chonse anali akukazinga nshawa ndi kugulitsa pamsewu waukulu kuti ayambe kuweta nkhuku. Kunkazizira koopsa, ndiye ankawafunditsa ndi mbaula ya makala. Utsi unkamutsokomoletsa, maso ali psuu. Zinandimvetsa chisoni, komanso zinandichititsa manyazi: katswiri ali pakhomo, mkazi n'kumavutika ndi makala?

"Amake Taonga, nizapanga hita ya batire ya sola ija," ndinatero.

"Ba tate ba Taonga, siyani chabe. Mbaula isebenza bwino," anayankha osandiyang'ana.

Sindinamve. Ndinakwera minibasi kupita kumsika wa Rufunsa kwa ba Lungu, mkulu wokonza mawailesi ndi mafoni. Anandipatsa waya wopotana wa chitofu chakale, n'kundibwerekanso mita yoyezera zamagetsi.

"Mudziwa kuwerengera?" anandifunsa.

"Ba Lungu, ine munifunsa zimenezo?" (Mulungu andikhululukire, ndinasekanso.)

Lamlungu, mkazi wanga atapita kutchalitchi, ndinakhala pansi ndi pensulo ndi pepala. Batire inali ya mavolti 12. Ndinkafuna kutentha kwa mawati 60. Mawati amapezeka pochulukitsa mavolti ndi maampu, kotero ndinkafunika maampu 5. Mpaka pamenepa ndinali bwinobwino, ndipo ndimapempha kuti anthu azikumbukira zimenezi.

Chinatsala n'kupeza maomu, ndiye kuti mphamvu imene waya amakanizira moto wa magetsi kuti usathamange mopitirira. Apa umagawa nambala ziwiri zija. Koma iti pamwamba, iti pansi? Mutu unaima. Tsiku limene ankaphunzitsa zimenezi mwina ndinali ku Kamwala kogula nsapato. Ndinagawa 5 ndi 12, ndinapeza 0.4, ndipo nambalayo inandikongolera.

Ndinayamba kudula waya uku ndikuyeza. Ndinadula, ndinadulanso, mpaka kunatsala kachidutswa kosafika kutalika kwa chala. Mtima unandiuza kuti kachepa. Ndinauyankha kuti masamu sanama.

Ndinalowa m'khola, n'kutulutsa mbaula ija monyadira. Kawaya ndinakapachika pamwamba pa anapiye, pansi pali udzu wouma umene amake Taonga anayala kuti azigonapo. Tianapiye tinandizungulira mapazi tikulira, poganiza kuti ndabweretsa chakudya. Ndinalumikiza batire.

Kawaya kanafiira. Ndinamwetulira. Kenaka kanayera ngati dzuwa, nthambo za batire zinayamba kununkha, ndipo ndisanatambasule dzanja, kanaduka n'kugwera mu udzu.

Moto wa udzu wa mu Juni sudikira munthu aganize. Ndinaponda ndi mapazi, ndinamenya ndi malaya, ndinathira madzi akumwa a anapiye omwewo. Utafika kudenga ndinangotola amene manja anakwanitsa n'kuthawa. Anansi anabwera ndi zidebe, koma anapeza khola litagwa kale.

Anapiye anapulumuka asanu ndi anayi.

Amake Taonga anafika atavala yunifolomu ya chigwirizano cha amayi, Baibulo lili m'khwapa. Ndinkayembekeza kuti akuwa, ndipo ndikanakonda akanakuwa. Iye anangoika Baibulo pampando, n'kugwada paphulusa, n'kuyamba kutola tianapiye takufa kamodzikamodzi, akutiika m'chitenje. Nsidze zanga zinali zitapserera, koma sanafunse n'komwe. Madzulo ake anakoleza mbaula, n'kuika otsala aja m'katoni pafupi ndi bedi, mbali imene ndimagona ine.

Patapita masiku atatu ndinakabweza mita. Ba Lungu anali atamva kale kwa makondakitala. Anatenga pepala langa, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Apa munatembenuza," anatero. "Ni mavolti kugawa na maampu. 12 kugawa na 5, ni 2.4. Manje imwe munaika 0.4, batire inakankha maampu 30. Chulukitsani na 12."

"Mawati 360," ndinayankha motsitsa mawu.

"Pa kawaya kang'ono so! Kuchulukitsa mudziwa, ba bululu. Yamikani Yesu kuti siinali nyumba."

Ndinabwerera pa minibasi, anthu akuyang'ana nkhope yanga yopanda nsidze. Koma ndisaname, pofika pa Chinyunyu mtima unali utayambanso kunyada. Ndinaona kuti nzeru yonse inali yolondola, kungoti nambala ziwiri zinasinthana malo.

Ndinadikira mwezi wathunthu kuti mkwiyo uzizire. Tsiku lina mkazi wanga akudyetsa nkhuku zake zotsalazo, ndinamuyandikira mwaulemu.

"Amake Taonga, napeza pamene panalakwika. Inafunika kukhala 2.4. Tikayesa futi..."

Anawaza gaga wotsala, n'kupukuta manja pachitenje.

"Ine sininaphunzire ku Lusaka," anatero. "Koma makumi asanu kuchotsapo imwe, nidziwa kuti zitsala zingati."