Kandege ka Alamu ndi Dimba Langa

Lolemba
Malole a mchenga adyanso mizere iwiri ya dimba langa m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila. Kabichi akugwera m'madzi ine ndikuona. A komiti ya zachilengedwe akuti pakamwa pokha sipakwana, ndibwere ndi umboni Loweruka. Chabwino! Alamu anga a Jamisoni, ojambula maukwati ku Limbuli, ali ndi kandege kojambula kali m'mwamba. Zoti tijambule:
- maenje a malole
- gombe logumuka
- ine nditaima pambali, nkhope yachisoni

Lachiwiri
Chiperoni. Kandege kakwera, kabwera ndi zithunzi zoyera mbee ngati ufa. Alamu akuti phiri lilimo, kungoti silikuoneka. Adya mbale ziwiri za kalongonda.

Lachitatu
Kwacha bwino. Kandege kangoti vuu, nkhuku za mudzi wonse zathawira kutchire, zikuyesa kabawi. Mayi a kunyumba sakundiyankhula, thadzi lawo lasiya mazira. Batire latha tisanafike n'kumtsinje komwe.

Lachinayi
Tafika kumtsinje. Ndinaiwala chinthu chimodzi: kuno kandege kakalira ndiye kuti pali ukwati. Posakhalitsa padzaza:
- amayi a nthungululu
- wogulitsa mandasi
- akabaza
- okumba mchenga enieniwo, akuvina mafosholo ali m'mwamba!
Maenje onse abisika ndi anthu. Mayi wina akundikoka malaya: "Nanga mkwatibwi ali kuti?" Alamu nawo dzanja linazolowera, akungotsata ovina bwino.

Lachisanu
Talawirira anthu asanadzuke. Kandege kakwera kwambiri, chithunzi chatuluka bwino zedi! Mtsinje, minda ya tiyi, maenje a malole, zonse zilimo. Koma pali dzenje lina lofiira, lalikulu kuposa onse, logundana ndi dimba langa, ngalande yake yolunjika kugombe. Ndikufunsa kuti ndi la kampani iti. A Jamisoni akuti: "Alamu, si paja munaumba njerwa za nyumba yanu pamenepa?" Ndawapempha alidule pachithunzipo. Akuti akalidula, dimba lidukira limodzi.

Loweruka
Komiti yachikonda chithunzi, chikuyenda dzanja ndi dzanja. Za malole, akuti alemba kalata ku boma. Za dzenje lofiira, kalata siikufunika poti mwini wake ali pompano. Chigamulo: ndilikwirire, ndibzale nsungwi m'gombe mvula isanagwe. Okumba mchenga awomba m'manja kuposa aliyense. Manyazi andigwira.

Lamulungu
Alamu abwerera ku Limbuli ndi makabichi atatu. Kanema wa Lachinayi uja akuyenda m'mafoni, kutchalitchi akundifunsa ngati ndakwatira wachiwiri. Mayi a kunyumba akufunsanso zomwezo. Malole abweranso mawa, dimba likadali pampeni.
Ndabwereka wilibala, ndaima m'mphepete mwa dzenje langa. Ukaliona uli pansi likuoneka laling'ono ndithu. Koma dothi lake lonse lili m'makoma a nyumba yomwe ndikugonamo. Lokwiririra ndikakumba pati?